Chingwe cha m'chigafa

Ndikukumbukira fungo la chigafa chathu ku Nsaru, fungo la fodya wongoyamba kufota, lotsekemera koma loyabwa kukhosi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mtsikana wa maso akuthwa ndi pakamwa posatsekeka. Bambo anga anali mkamwini wochokera ku Nambuma. Munda unali wa amayi, malo a nyumba a amayi. Chawochawo chinali mikono iwiri basi, ndipo atsibweni anga, alongo awo a amayi, ankalemekeza mkamwini potengera mizere imene walima.

Chaka chimenecho phewa lamanja la bambo linauma. Sanagwe, sanamenyedwe. Linangoyamba kuwawa, kenako mkono n'kukana kukwera. Anapita kuchipatala ku Kabudula mobisa, ndipo kumeneko anawauza kuti matendawa amachira koma mochedwa: asanyamule zolemera, azilifewetsa phewalo pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Zonsezi amayi anandiuza nditakula. Pa nthawiyo anandibisira, poopa kuti ndikazitaya kwa atsibweni, ndipo sindingawanene kuti analakwa.

Ndinkangoona zachilendo. Munthu wamkulu ndi ndevu zake ataima kuseri kwa chitseko, zala zikukwawa pakhoma ngati kangaude. Tsiku lina atawerama, akuzunguza botolo lodzaza mchenga. Ndikaseka ankandituma kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Inali nyengo yothyola fodya, ndipo amene ankakwera kukapachika mikangala, timitengo tomwe timakolekapo masamba, anali amayi, anthu asanadzuke. Bambo ankangowapatsira ndi dzanja lamanzere.

Chaka cham'mbuyo, bambo wina wa m'mudzi woyandikana nafe anapezeka atadzimangirira m'chigafa chake fodya atabwezedwa kumsika. Ife ana anatithamangitsa pamalirowo, koma makutu athu sanawathamangitse.

M'mawa wina ndinalowa m'chigafa kufuna mazira a nkhuku yathu yoikira kobisika. Ndinapeza bambo ataponya chingwe pamtanda wapamwamba. Anagwira nsonga zonse ziwiri, nkhope itakwinyika, misozi ikutsika. Sindinayang'anenso kachiwiri. Ndinatuluka ndikukuwa kuti bambo akudzimangirira, ndipo mawu anga anamveka mpaka kumjigo.

Anthu anadzaza. Atsibweni anafika ndi chikwanje chodulira chingwe, osavala malaya. Anapeza bambo ataima bwinobwino pansi, dzanja lamanzere likukoka chingwe kuti lamanja likwere. Anali masewera ena ofewetsa phewa a kuchipatala aja, ndipo misoziyo inali ya ululu chabe. Bambo analibe pothawira. Anafotokoza zonse pamaso pa ana ndi azimayi onyamula zidebe.

"Takwezani mkonowo tione, alamu," anatero atsibweni.

Unakwera kufika pachifuwa, n'kuima. Atsibweni anayang'ana kumwamba kumene kunali mikangala yodzaza.

"Nanga fodya yenseyu wapachika ndani?"

Amayi anangozolika.

Palibe anawathamangitsa bambo poyera. Kwathu sitithamangitsa munthu, timangomuchepetsera malo. Pokambirana za munda analeka kuwaitana. Kumjigo kunamveka zoti amayi akulera ana atatu, ife awiri ndi wachitatuyo wandevu. Pofuna kutseka anthu pakamwa, bambo anasiya timasewera tawo n'kukanyamula belo la fodya, ndipo phewa linawawa kuposa kale. Fodya atagulitsidwa, anamanga katundu wawo m'thumba la feteleza, akuti akukachirira kwawo.

Ndinkalakalaka atandimenya. Sanatero. Anandisisita mutu ndi dzanja lamanzere lija n'kunena kuti, "Munachita bwino kukuwa, mayi. Koma mukanayamba mwayang'ana kaye."

Patapita zaka ziwiri ndinawaona pamsika wa ku Nsaru. Ankakweza thumba la mtedza m'ngolo, mikono yonse iwiri ili m'mwamba, popanda n'kukwinya nkhope komwe. Pambali pawo panali mayi wina atabereka khanda. Anandigulira mandasi, nafunsa za sukulu, ngolo n'kunyamuka. Ndinalira njira yonse, mandasi ali m'manja.

Masiku ano zinthu zinasinthako. Amuna ambiri kwathu akumanga pamalo pawopawo, ndipo mnzanga wa kuntchito amene phewa lake linauma amakoka lamba wake wa labala pakhonde, anzathu akumuseka, iye akuseka nawo. Palibe amamufunsa kuti akudya thukuta la yani. Ndikamuona ndimatembenuka. A kuchipatala aja sananame: phewa la bambo linkangofuna nthawi ndi anthu odekha. Amayi anali atawagulira nthawiyo ndi msana wawo, m'mawa uliwonse pamwamba pa chigafa. Ine ndinaitaya yonse pa m'mawa umodzi, ndipo mkonowo unakachirira pakhomo pa eni.