Kalata Yanga Sinagwere M'madzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinataya malo anga kusukulu yogonera ku Balaka. Adzukulu anga akamasimba nkhaniyi amati ndinagwetsera m'madzi kalata yondiitanira kusukuluko. Limenelo ndi bodza, ndipo ndatopa nalo. Kalatayo ndili nayo m'chitini pamodzi ndi mapepala anga onse, ndipo aliyense wokayika abwere adzaione ngati ili ndi dontho ngakhale limodzi.

Kwathu kunali pakachilumba m'dambo la Chilwa, dera la kwa Mposa. Kuti munthu afike kumtunda, kumene kunali msewu, ankadzera m'ngalande imene asodzi anakumba pakati pa bango. Inali yopapatiza kwambiri moti mabwato awiri sakanadutsana. Dzuwa likafika poswa mtengo madzi ankachepa, ndiye anthu anamanga makoma awiri a matope modutsa ngalandeyo, lililonse ndi chitseko cha bango chomata dothi. Khoma lakumtunda linkasunga madzi a kamtsinje kamene kankatsirira ngalandeyo. Madzi amenewo ndiwo ankayandamitsa mabwato mpaka kudooko, ndiwonso amayi ankathirira mbewu m'madimba.

Kalata ija inati ndikafike Lolemba, apo ayi malo anga apatsa wina. Tinanyamuka Loweruka m'mawa pa bwato la Che Bwanali, mkulu amene ankaolotsa anthu. Ine ndinali nditawerengera bwinobwino: masana kudooko, madzulo lole ya ku Liwonde, Lamulungu kuoloka Shire, Lolemba pasukulu. Kalata ndinaikulunga m'tsamba la nthochi n'kuiika m'chipewa.

Koma Che Bwanali analibe Lolemba m'mutu mwawo. Ankakankha bwato ndi nsungwi yaitali ngati akuopa kudzutsa achule. Tikakumana ndi msodzi, ankabwerera chambuyo mpaka pamalo otakasuka, kenaka moni, za ana, za matemba, za mwendo wa apongozi. Bango linkandicheka m'mikono, udzudzu unkandiluma m'mawa wonse, matope akununkha ngati dzira lovunda. Nditawauza kachitatu kuti tichedwa, anangoti sukuluyo inamangidwa ndi njerwa, siingathawe.

Dzuwa lili pamutu tinafika pakhoma loyamba. Che Bwanali anasuntha chitseko, tinalowa pakati pa makoma awiriwo, iwo n'kuchibwezera ndi kuchichirikiza ndi mtengo umodzi. Kenaka anakwera pagombe, akuti akukatapa dothi. Kumeneko anapeza Abiti Saidi, mayi wa dimba la pafupi, ndipo nkhani inayambika ya mbuzi imene inadya mpiru. Ndinkawamva akuseka. Ndinayang'ana chitseko chakutsogolo, chomangidwa ndi luzi basi, ndipo kuseri kwake madzi anali ndendende, njira yanga yonse ili poyera. Ndinaganiza kuti ndiwathandize akuluwo, akamabwera apeze ntchito yatha.

Ndinamasula luzi lija. Chitseko chinandikankha chokha, madzi anakhamukira mkati, bwato linazungulira n'kugunda khoma. Chitseko chakumbuyo, chimene chinali chisanamatidwe, chinangoti phofo, mtengo uja n'kumapita. Ine ndinagwira chipewa ndi manja onse awiri, n'kumaona madzi amene anthu anasunga miyezi iwiri akuthamangira kunyanja. Posakhalitsa bwato linakhala pamatope, milamba ikuphiriphitha m'mbali mwake.

Abiti Saidi anandilalatira m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe, ndipo m'zinenero zonse ziwiri ndinali mbuzi yoposa ija ya mpiru. Che Bwanali sanakweze mawu. Anatsika ndi dothi lawo m'manja, anayang'ana makoma onse awiri, kenaka anandiyang'ana ine.

“Mwanawe, timayamba tatseka kumbuyo, kenaka n'kutsekula kutsogolo.”

Ndinayankha molira kuti iwo sanandiuze zimenezo.

“Iyayi, sindinakuuze. Nanga iwe unafunsa? Kuyambira m'mawa ukungondiuza za Lolemba.”

Mpaka lero ndimati mkuluyo anali ndi mbali yake. Mawu ochepa okha asanakwere pagombe akanandipulumutsa, ndipo mbuzi ija ikanatha kudikira. Ndinanena zimenezi kwa bambo anga, kwa aphunzitsi, ngakhale kwa mkazi wanga patapita zaka zambiri, koma sindinapeze ndi mmodzi yemwe wondivomereza.

Kuyenda pansi sikukanatheka, chifukwa matope a m'dambo lija amameza munthu mpaka m'chiuno. Kubwerera nakonso Abiti Saidi anakana, anati wogumula ndiye amange. Ndinasenza dothi pamutu Loweruka masana onse ndi Lamulungu, chipewa nditachipachika pabango kuti ndizichiona. Asodzi amene mabwato awo anatsakamira ankandifunsa ngati kusukuluko amaphunzitsanso kuumitsa mitsinje. Makoma atatha, tinadikira kamtsinje kaja kuti kadzaze ngalande pang'onopang'ono, ndipo madzi anakwanira Lachiwiri m'mawa. Pamenepo Che Bwanali anandipatsa dothi kuti ndimate ndekha chitseko chakumbuyo, anachiyesa ndi phazi, kenaka anamasula chakutsogolo pang'ono chabe. Madzi analowa mwakachetechete, bwato linakwera lokha ngati wina akulinyamula, ndipo tinadutsa. Ntchito yonseyo inatenga nthawi yochepa kuposa yokazingira chimanga.

Ku Balaka ndinafika Lachinayi. Mphunzitsi wamkulu anawerenga kalata yanga youma bwino, anaiyamikira kuti ndi yosamalika, n'kulemba pakona ndi inki yofiira kuti “Wachedwa”. Pabedi langa pankagona kale mnyamata wa ku Ulongwe. Ndinabwerera kwathu pa bwato lomwelo, ndipo ndinadikira chaka chathunthu.

Ndagwira ntchito ya ukalaliki moyo wanga wonse, ndipo anzanga ankadandaula kuti ndimachedwetsa anthu, chifukwa sindinkatsekula nkhani yatsopano yakale ndisanaimange. Ankati ndi khalidwe la kusukulu. Iyayi, ndinaliphunzira m'matope, kwa munthu amene sankadziwa kulemba dzina lake, ndipo zimandiwawabe kuvomereza. Choncho adzukulu anga aleke kunamizira madzi. Kalata ndinaisamala ndithu. Chimene sindinayang'ane ndi chitseko chimene chinali kumbuyo kwanga.