Mbale Yotsala pa Maliro

Maliro a mwamuna wanga atatha, amayi a m'dera lathu la Chelstone anabwera kudzatenga ziwiya zawo. Aliyense ankatembenuza mbale n'kuyang'ana kunsi, poti kuno mayi amadontheza penti wa zikhadabo pa ziwiya zake zisanapite kumaliro. Zonse zinapeza eni ake kupatula imodzi, yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu. Ndinangoti ndi ya mayi wa kuseri kwa mpanda wathu, chifukwa ndinawaona akulowa nayo m'khitchini tsiku loyamba lija.

Mayiwa ndi a ku Luapula, ndipo amapemphera la Sabata. Tinakhala moyandikana zaka zambiri, koma tinkangokwezerana manja pageti. Wocheza ndi anthu m'nyumba mwathu anali mwamuna wanga. Ine ndinali wophika tiyi n'kuzimiririka. Iye atapita, ndinazindikira kuti anzathu onse aja anali ake. Mwana wanga wamkazi ali ku Kitwe, wamwamuna ali kunja, ndipo onse amaimba foni Lamlungu ngati akumwa mankhwala. Masiku ena ndinkafika madzulo nditalankhula ndi kondakitala wa minibasi yekha. Lachisanu dzuwa likamalowa, nyimbo za banja la kuseri lija zinkadumpha mpanda, ine n'kuzimitsa wailesi kuti ndizimve bwino. Ndinali wosungulumwa, ndipo zinkandichititsa manyazi.

Mbale ija inakhala pamwamba pa firiji miyezi ndithu. Mbale ya mnzako siibwezedwa yopanda kanthu, ndipo ine sindinkadziwa choikamo. Chinanso n'chakuti inali chifukwa chokhacho chimene ndinali nacho chokagogodera pageti la munthu. Ndikaibweza n'kungouzidwa zikomo, ndiye kuti basi.

Mvula itayamba, mango a pabwalo anayamba kugwa okha n'kumaolera pansi. Kale sankaola. Apongozi anga aamuna anali khukhi wa azungu ku Kabulonga, ndipo anaphunzitsa mwana wawo chakudya chimodzi chokha, chimene iye ankachitcha chigumu cha nyenyeswa. Chaka chilichonse nyengo ya mango ankavala epuloni yanga, n'kundithamangitsa m'khitchini ngati nkhuku. Ine ndinkaima pakhomo n'kumamunena kuti akutha shuga. Sindinachiphikepo, koma maso anga anali ataba zonse.

Lachisanu lina m'mawa ndinatola mango osapsetsa, ndinawasenda n'kuwaduladula m'mbale ya eni ake ija, n'kufinyiramo ndimu. Kenako ndinathira fulawa, shuga ndi majarini m'beseni. Apa m'pamene panali vuto. Manja anga anazolowera mandasi, ndiye akangoona fulawa amafuna kukanya. Ndinakanya mwamphamvu, zonse zinagwirana n'kukhala chibumu chonona. Ndinachita ngati ndikumumva akuseka kumbuyo kwanga, poti ankakonda kunena kuti manja anga ndi otentha ngati mtima wanga. Iye ankayamba waviika manja m'madzi ozizira, n'kumafikisa ndi nsonga za zala zokha mpaka zioneke ngati mchenga wa kumtsinje.

Chibumu chija sindinachitaye. Ndinachipapatiza pansi pa mbale, mango pamwamba pake, n'kuyambiranso ndi fulawa wina. Ulendo uno ndinaviika manja, ndipo nyenyeswa zinatuluka. Ndinaziwaza pamwamba n'kulowetsa mbale mu uvuni.

Fungo litangoyamba kumveka, magetsi anathima. Ndinatukwana mokweza, poti m'nyumba munalibe wondidzudzula. Ndinakoleza mbaula kukhonde, ndinakhazikapo mbale ija, ndinavundikira ndi chidutswa cha lata n'kuyala makala amoto pamwamba. Ndinakhala pampando wake uja n'kumadikira. Madzi a mango atayamba kubwadamuka m'mbali, fungo linadzaza khonde lonse, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Mbali imodzi inapserera pang'ono.

Masana ndinakulunga mbale m'nsalu n'kutuluka, kuti ndifike Sabata lawo lisanalowe. Ndinagogoda geti ndi kamwala. Anatsegula ndi mayi aja, manja ali thovu lokhalokha.

"Ba neba, muli shani? Mwasowa maningi," anatero.

"Ndilipo, mayi. Ndabweza mbale yanu. Pepani, yakhalitsa."

Anapukuta manja pachitenje, anavundukula nsalu n'kununkhiza. Kenako ananyamula mbale ija m'mwamba n'kusuzumira kunsi kwake, kumene kunali kutada ndi mwaye. Anapalapo ndi chikhadabo.

"Iyi si yanga, ba neba. Zanga zili na penti yofiila. Iyi ninangoinyamula chabe pa geti, sinizibanso anabwela nayo ni ndani."

Miyezi yonse ija ndinkasunga mbale ya munthu wosamudziwa, ndipo tsopano ndinali pageti la eni ndilibe chondiimitsapo. Ndinatambasula manja kuti ndiilandire n'kubwerera kwanga.

Iwo sanaipereke. Anaikumbatira pamimba ngati mwana.

"Manje mufuna kuyenda nayo kuti? Yangena kale pa nyumba panga. Nizabweza neka."

Sanandilowetse m'nyumba. Anali ndi zochapa, ndipo dzuwa linali litapendeka. Ndinabwerera manja ali lende, ndinadya buledi ndi tiyi, n'kumvera nyimbo zawo ngati kale. Chigumucho sindinachilawe n'komwe.

Lamlungu masana geti langa linalira. Anali iwo, atanyamula mbale ija, muli chikanda, chakudya cha kwawo cha chinaka ndi nsinjiro, chodulidwa bwinobwino. Anakhala pakhonde, pampando wa mwamuna wanga, n'kundiuza mosabisa kuti pansi pa chigumu changa panali polimba ngati njerwa, koma ana anakanganirana zapamwamba. Anakhalitsa mpaka tiyi anazizira.

Kuyambira pamenepo mbale ija imangodutsa mageti awiriwa. Masiku ambiri m'nyumba muno mumakhalabe zii, ndipo mango akatha ndimavutika kupeza choikamo. Mwini wake sanapezeke mpaka lero. Poyamba ndinkafunsafunsa kutchalitchi, koma ndinasiya. Pa maliro a m'dera lathu, amayi akayamba kudandaula za ziwiya zawo zosowa, ine ndimanyamuka mwakachetechete n'kupita kukatunga madzi.