Nilimo Katatu mu Sinapu Imozi

Anzanga, lelo ningakhuthule tomato yonse mu ngalande, sininganvele na chisoni. Ndine Elina, uja wa tomato pa Mtendere. Mwamuna wanga anafa kudala, ndipo vachikondi nenze ninavalila chiseko.

Ba Kapambwe ninabaona koyamba mu June, nthawi ya mphepo. Malaiti yenze kuyenda kuseni, unga kukwela sabata iliyonse, banthu nkhope zomanga. Nenze kuyenda na dishi pamutu, bondo ikubaba, pamene ninaona mudala pamwamba pa silabu ya nyumba ya upstairs yosasila. Kamela kumaso, atembenuka pang'ono pang'ono monga mpendazuba. Ninaganiza ni baja bopima maploti.

Patapita sabata banabwela pa stand yanga. Banagula tomato, banakhalilila, ndiye banatambasula sinapu itali monga lamba.

Banati kale benze na studio ku Kamwala, mafoni yanapaya nchito. Manje bayesa kukopa komboni yonse pamozi. Ukopa masinapu nayini, iliyonse ilumeko pang'ono inzake. Ngati mutengo wa mango wathela kumalile kwa iyi, uyambile pa inzake. Ndiye ujuba na leza, ulumikiza na selotepu, chifukwa kompyuta yopanda malaiti ni katundu chabe.

Anzanga... Mtendere sininaionepo so. Malata kung'anima, chusi cha mbaula kukwela mofatsa, mapili kutali kumbali ya Bauleni monga yagona pa mitambo. Komboni yamene nimatukwana siku na siku.

Ndiye pa museu, mukazi wa dishi pamutu, pafupi na kiyosiki ya manzi. Futi pa mutengo wa mango. Futi pa kamulatho. Ine, katatu.

"Mistake, madam," banakamba, maso pansi. "Munthu akayenda, amangena kabili."

Kuchoka apo benze kubwela mazulo yalionse. Pa Sande tenze kukwela pa silabu, banipunzisa kugwila kamela, vigongono pa nthiti, kutembenuka na mendo osati na chiuno. Yanga yoyamba malata siyanakumane, galu anachoka wopanda mutu. Tinaseka mpaka misozi. Mphepo ikapita benze kunifunda jekete yao, inunkha sopo na fumbi.

Mu September banatuma mbale za nsalamu, zija zopemphela ukwati. Makolo banga kulibe, so zinayenda ku Chawama kuli ba Justina, basisi banga bakulu, mai wa mapemphelo.

Ba Justina banabwela kuona ngati nili serious, banapeza sinapu pa chipupa. Banaiyang'ana nthawi itali. Banati munthu amakhala umozi, Mulungu sanapangepo Elina batatu. Mudala uyu wagaba muzimu wanga, babili bamusebenzela kwinangu, ndiye chifukwa nimauka wolema na bondo yobaba. Mbale sibazasegula.

Ninaseka pamaso pao. Koma pamene banayenda, bondo inababa zoona. Ninachosa sinapu, ninaiika pansi pa matilesi. Foni ya ba Kapambwe ninaleka kuyankha. Masabata yatatu benze kupita kutali na stand, bagula tomato kuli bena. Ine kuyang'ana kumbali, mutima ukulila.

Zulo ba Justina banaitana ba Kapambwe kuti nkhani isile. Banabwela na kamela, banalongosola vonse, kuluma kwa masinapu, leza, selotepu. Ba Justina banati mau ni mphepo, tiyende pa silabu pamene.

Banakwela babili. Ine bananituma ku kiyosiki na dishi pamutu, niyende monga siku ija.

Ninayamba kuyenda. Nikalibe kufika na pakati pa njila ya ku mutengo wa mango, ba Justina banakuwa kuti nibwele. Masinapu nayini yonse yenze yasila.

Pamene ninakwela, ninapeza ba Kapambwe bagwila chisote kumanja.

"Imwe ba Kapambwe, kamela yanu yazungulila komboni yonse, uyu mufana wanga akali kukoka mwendo," ba Justina banakamba. "Anafika bwanji pa kamulatho? Anambululuka?"

Ninati basi, ni zoona, nachita chikondi na wa satanic.

Ba Kapambwe banakhosomola kabili.

"Ba mayo, ninanama. Siinali mistake. Nenze kuyembekeza. Ba Elina bakachoka mu kamela, nenze kutembenuka, niimilila, mpaka bangene futi. Onani kumwamba pa sinapu, mitambo siikumana. Sinapu ninaiononga nekha. Nenze kufuna chabe chokambila nikafika pa stand yao."

Ba Justina banayang'ana ba Kapambwe, banayang'ana ine, banamanga chitenge bwino bwino.

"Munthu mukulu, imvi mbuu, kuuma na mphepo pa silabu chifukwa cha uyu? Uyu wamene amaliza nkonono akagona?" Banapukusa mutu. "Mailo mutume munthu wanu ku Chawama. Mbale zanu zanisilizila malo pa fuliji."

Kuseni kwa lelo ba Justina bazisegula, anzanga. Banitumila foni bakuimba nyimbo ya ku tchalichi.

Masabata yatatu nenze kuopa munthu wamene boza yake yenze ya nsoni chabe. Ninabapepesa tikuseluka pa silabu, banati nileke, nabeve banalakwa.

Ninabafunsa kuti siku ija banaimilila nthawi itali bwanji. Banati hafu awa, chifukwa pa mutengo wa mango ninaima kukangana na kasitoma.

Hafu awa, munthu akuniyang'ana so... Sembe ninaziba, sembe ninavala chitenge chabwino.