Phazi la Telala

Apongozi anga aamuna ndi telala. Asoka zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzimodzi koyang'ana kumsewu, moyandikana ndi wometa tsitsi. Makina awo ndi akale, opalasa ndi mapazi, ndipo chiyambire sanapalasepo atavala nsapato. Akafika m'mawa amavula n'kuzikankhira pansi pa benchi. Amati nsapato imagonthetsa phazi, sumva ulusi ukafuna kuduka.

Nditakwatiwa ndi mwana wawo, yemwe amayendetsa lole ndipo amatha masabata ali kutali, apongoziwo anandipatsa ntchito yosokerera mabatani ndi kusesa. Ine manyazi ndinabadwa nawo. Akamandilankhula, maso anga ankakhala pansi, choncho mapazi awo ndinawadziwa bwino kuposa nkhope yawo: zidendene zong'ambika, khungu louma lotuwa, zikhadabo zimene ankawenga ndi lezala yosomolera ulusi.

Matenda a shuga akhala nawo zaka zisanu ndi zitatu. Mapiritsi ankamwa akakumbukira. Kuchipatala ankati n'kwa anthu opanda chochita.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa, ndinaona dontho lofiira pachitsulo chopalasira. Ndinayesa utoto. Iwo atakhala pansi n'kupiringiza miyendo, ndinaona kamutu ka pini kakung'anima kunsi kwa phazi lamanja, pafupi ndi chala chachikulu. Pini yonse inali m'kati. Iwo ankaseka ndi wometa uja, akugwedeza phazi lomwelo.

Ndinasiya kusesa.

"Bambo," ndinatero, "mwaponda pini."

Anasuzumira, n'kuizula ndi zala ngati akuchotsa ulusi pamalaya.

"Mwaona, achimwene?" anauza wometa. "Khungu la mwamuna. Inu ikanakhala yanu mukanaitana amayi anu."

"Khungu la mwamuna kapena la ng'ona?" anayankha wometa, onse n'kuseka.

Anang'amba kansalu kotsala padiresi la munthu, n'kumanga, n'kupitiriza kupalasa. Ine sindinaseke. Kusukulu tinaphunzira kuti shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya kumapazi, munthu n'kumavulala osamva, ndiponso bala lake silipola msanga. Ndinkadziwanso mayi wina wa kumene ndinakulira, yemwe zinayamba ndi thuza la nsapato yothina, n'kuthera pa ndodo ziwiri ndi mwendo umodzi.

Madzulo ndinauza apongozi aakazi.

"Mwana wanga, bambo ako amenewa ndawalephera," anatero. "Ndikabwera ndi beseni amati ndikuwayesa khanda. Kawauze iweyo, mwina akuchitira manyazi."

Sindinawauze. Masiku anayi ndinangoyang'ana kansalu kaja kakusintha mtundu. Tsiku lachisanu nsapato yamanja inakana kulowa, anabwera atapondera kumbuyo. Masana wometa anaima pakhomo akununkhiza.

"Akulu, muno mwafera khoswe. Sunthani nsaluzi tione."

Palibe anasuntha kanthu. Apongozi anasiya kupalasa. Ndinamva iwo akupuma, ndipo ndinadziwa kuti nawonso adziwa kumene fungolo likuchokera.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala, iwo, apongozi aakazi ndi ine. Nesi atamasula kansalu, amayi anatembenukira kukhoma. Phazi linali lotupa, lonyezimira, chala chachikulu chitayamba kuda kumunsi. Nesi anatulutsa kaulusi kolimba ngati ka burashi, n'kuwauza kuti atsinzine.

"Ndiyamba ndi phazi labwinoli, bambo. Ndikakugundani, muziti eya."

Anagunda pachala. Zii. Anagunda pakati pa phazi. Zii. Kenako nesi anatembenuka kuti atenge cholembera, dzanja lake lili kutali.

"Eya," anatero apongozi.

Nesi sanaone kuti eyayo wabwera pa mphepo. Anagundanso, ndipo iwo, ataphunzira kawerengedwe ka nthawi, ankangoti eya, eya, mofanana ngati makina awo. Nesi anayamba kulemba. Ndikakhala chete, alemba kuti phazi lamanzere lili bwino, ndipo iwo abwerera kukaponda nalo mapini.

"Anesi," ndinatero, "akungoyankha. Sakumva. Ayankhanso musanawagunde."

Apongozi anatsegula maso. Aka kanali koyamba kuti tiyang'anane kumaso kwa nthawi yaitali. Ndinkayembekeza ukali, koma ndinaona mantha okhaokha, ngati a mwana wotayika pamsika.

"Iwe mwana," anatero motsitsa, "ukufuna andidule onse awiri? Ndipalasa ndi chiyani?"

"Sitidula phazi chifukwa silikumva, bambo," anatero nesi. "Timadula likawola. Ili lamanzere tikalidziwa, tilisunga."

Anawagoneka milungu itatu. Chala chachikulu chakumanja anachichotsa, phazi linatsala. Dokotala anati tikanachedwa pang'ono, nkhani ikanakhala ya kubondo.

Tsopano abwerera kuntchito. Amapalasa atavala sokosi zoyera, kuti magazi akatuluka aoneke, ndi nsapato zofewa zotakasuka zimene amazikutumula asanavale. Amadandaula kuti mzere ukukhota. Lezala ija amayi anaibisa. Ine ndimasesa kawiri, kenako ndimakoka maginito pansi ponse, ndipo tsiku lililonse amatola mapini amene tsache linawasiya.

M'mawa uliwonse, makasitomala asanabwere, amakhala pabenchi n'kutambasula miyendo, nkhope atalozetsa kumsewu. Ndimayamba ndalowetsa chigongono changa m'beseni, chifukwa iwo madzi otentha sangawamve. Ndimawasambitsa, kupukuta pakati pa zala, kupaka mafuta kuzidendene, kenako kuyang'ana paliponse pang'onopang'ono.

Lero ndapeza kadontho kofiira m'mbali mwa chala chaching'ono chakumanzere, pamene nsapato imakhudza. Ndinakadina ndi chala, koma kufiirako sikunachoke. Ndinakhala nditagwira phazilo osalisiya.

"Chiyani?" anafunsa, osatembenuka. "Nena, mwana wanga. Usandibisire."

"Pali kofiira, bambo."

Anayang'ana mulu wa mayunifomu oyembekeza kusokedwa. Kenako anagogoda khoma, kuitana wometa.

"Achimwene! Akabwera a mayunifomu muwauze abwere mawa. Ife tapita kuchipatala."