Hita ya m'minibasi yathu

Fakitale imene ankagwirako ntchito itatsekedwa, amuna anga anagula kaminibasi kakale, hita yake ili yakufa. Kuzizira kwa Juni kutafika anailumikiza okha, waya kulunjika ku batire osadzera pa kiyi, ati amakanika okonza magalimoto ndi mbava. Ine ndinazungulira Nangongwe yonse kuuza azimayi a chigwirizano kuti kumaliro ku Shimabala tipita mofunda ngati mabwana.

Tinafikadi mofunda. Koma injini itazimitsidwa, hitayo inapitiriza kuuzira mipando yopanda anthu mpaka tinachoka kumanda. Batire inatheratu.

"Azimayi, tsikani mukankhe," anatero amuna anga, osandiyang'ana n'komwe.

Tinakankha, mabulauzi athu oyera ali fumbi lokhalokha. Amayi abusa, thukuta lili kamukamu, ananditembenukira.

"Simunaname amayi, tafundidwa."