Tsiku Limene Njinga Yanga Yamoto Inalira

Njinga yamoto ija ndinaigula kwa mkulu wina wa ku Mabvuku itachita dzimbiri, nkhuku zikugona pachishalo. Kwa miyezi isanu ndinkaikonza kuseri kwa nyumba yathu ku Mufakose. Ndinatsuka kabuleta, ndinasintha mapulagi, koma inangoti zii.

Loweruka lina masana, magetsi atazima kuyambira m'mawa, ndinaponda kiki ndipo inalira mwamphamvu. Ndili m'kati movina, mayi oyandikana nafe anafika pageti atanyamula mafoni atatu.

"Makorokoto, bambo!" anatero pondiyamikira. "Mwagula jenereta eti? Titchajireniko."

Nditawaonetsa njingayo, nkhope yawo inagwa.

"Phokoso lonseli, koma yosayatsa ngakhale babu limodzi?"

Anachoka osatsanzika. Ine ndinaikwera monyada mpaka kumashopu, komwe inazima, ndipo ndinabwera nayo chokankha.