Adzukulu Anakana Kutsitsa Bokosi

Ndinadzuka kusanache, nthiti zikuwawa chifukwa chogona pasimenti pakati pa amayi a mpingo. Usiku wonse anachezera nyimbo za m'buku, koma ya achimwene anga, amene tinkawaika tsikulo, sinamveke ndi imodzi yomwe. Akulu a mpingo anali ataletsa, ati kaseti ya nyimbo za achimwenewo imalira m'mabala. Alamu anga, akazi a malemuwo, anapempha imodzi yokha koma anawakanira, ndipo zinandiwawa.

Kasetiyo inali ndi nyimbo za pa Kawale pompano: ya kondakitala wamwano, ya mayi wobwereka mchere tsiku ndi tsiku, ndi yotamanda adzukulu okumba manda, imene inatchuka kwambiri pa wailesi mpaka tinatopa nayo. Pamene moto wophikira unkakolera kuseri, anthu anali atadzaza kale msewu, ena ochokera ku Biwi ndi ku Chinsapo. Amayi awiri anatsala pang'ono kumenyana ndi zipande, aliyense akuti wamchere uja ndi iyeyo, chonsecho achimwene ali moyo onsewa sankawapatsa ndi moni womwe.

Tinanyamuka masana, mitambo itada bii. Kumanda tinapeza adzukulu atakhala pamulu wa dothi, makasu ali pamiyendo. Mkulu wawo anavula chipewa n'kunena kuti, "Abusa, kuno ndi kwathu. Munthuyu anatiyimba ife amene anthu amatikumbuka patsoka pokha. Popanda nyimbo yathu bokosi silitsika."

Akulu a mpingo anayamba kunong'onezana, maso ali kumwamba. Mvula itayamba kuwaza, abusa anati chabwino, vesi imodzi basi. Vesi imodzi yake iti! Adzukulu anatsogolera akugogoda makasu, khamu lonse linavomera, ndipo kwaya yathu, imene ndinkayesa kuti za m'mabala siizidziwa, inalowa bwinobwino osaphonya liwu. Ndinaona mkulu wa mpingo wina akugwedeza phazi pansi pa ambulera. Bokosi linatsika nyimbo ili mkati, ndipo tinabwerera titanyowa, tikuseka ngati sitikuchokera kumanda.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Alamu anaika kaseti ija mu wailesi, motsitsa. Mu nyimbo yomaliza muli malo ena pamene mawu a achimwene amasasa. Itafika pamenepo alamu anaseka.

"Apa ndinawauza kuti abwereze, koma makani," anatero.

Kenaka anabweza tepi kuti amvenso.